Milu Iwiri pa Chiguduli

Anaibweretsa pa ngolo Lachiwiri, kukuwaza kamvula,
njinga yamoto ya malemu Che Mkwanda
imene inagona zaka makumi awiri kuseri kwa nyumba ku Sadzi,
nkhuku zikuikira mazira pansi pa thanki.
Mwana wawo Asiyatu anati:
"Muibwezere mmene inatulukira ku fakitale.
Chilichonse chachilendo muchotse."

Ndinavomera. Ndayala chiguduli pano pa Chinamwali,
beseni la palafini pambali,
ndipo ndikuunjika milu iwiri:
kumanja zobadwa nayo, kumanzere zobwera.

Zina sizivuta.
Bawuti ya ku fakitale ili ndi chidindo pamutu,
mazinga ake amalowa okha
ngati phazi mu nsapato yakale.
Yobwera imakana sipanala yanga ya mainchi,
imafuna ya mamilimita,
ndipo dzenje limene anaikakamizamo lidakali ndi chipsera.
Kumanzere.

Sipuling'i ya kabuleta ndi ya makina osokera.
Pansi pa nati ina ndapeza kobiri lakale, lija lobowoka pakati,
litaphwathalala, njovu zake zitafufutika.
Gasiketi anaidula pa chikuto cha kope la sukulu;
girisi wadya zonse, kwangotsala malembo atatu: ASI.
Kumanzere, kumanzere.
Mulu umenewu ukukula ngati chulu m'dzinja.

Pisitoni ndiyo yandichedwetsa.
Ndaitsuka, ndaipukuta, ndatuluka nayo panja
nkhungu itangoyalula pa Ku Chawe.
Manambala alipo onse, monga buku likunenera.
Kulemera kwake m'dzanja n'komweko.
Ndinali nditaiika kale kumanja
pamene chala chinamva zimene diso linaphonya:
folo wotsiriza wapendekeka pang'ono
ngati mnyamata wosenza thabwa potsika phiri,
ndipo m'kati muli timizere ta tupa.
Makina sapendeketsa nambala.
Apa panali munthu ndi nyundo,
mpweya ataugwira m'chifuwa.

Ndinakaionetsa kwa Che Chipojola, okonza maambulera pa depoti.
Anaitembenuza kawiri, n'kuseka ndi dzino lawo limodzi:
"Iyi ndi ya injini yopopa madzi.
Anaisema ndi Namakhwa wa ku Mpondabwino,
milungu itatu, osalandira ndi tambala yomwe.
Ya Azungu ija inafera pa msewu wa ku Jali
isanathe zaka zinayi.
Iyi yakwera phiri zaka khumi ndi zisanu
ndi matumba a mbatata kumbuyo."

Nanga nambala anadindiranji?
"Manyazi, mwanawe. Ankafuna ioneke yaulemu."

Madzulo ndinaimbira Asiyatu.
Ndinati, mayi, ndikachotsa zachilendo zonse
mutsala ndi chigoba, magiya atatu ndi nambala ya injini;
zina zonse n'za kuno, za Matawale, za Ndola, za pamsika,
ndipo ndi zimene bambo anu ankadzutsa nazo mudzi m'mamawa.

Anabwera atavala za ku ntchito, nsapato zosayenera matope.
Anagwada pa chiguduli osafunsa mpando,
n'kutola gasiketi ija ndi zala ziwiri.
Anawerenga malembo atatu aja nthawi yaitali.
"Aphunzitsi anandigwaditsa padzuwa chifukwa cha chikuto ichi.
Ndinalumbira kuti andibera.
Ababa anali chete, akumwa tiyi."
Anaseka mpaka anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja,
girisi n'kutsala patsaya.

Gasiketi singabwererenso, yawola;
waikulunga mu kansalu, ili m'chikwama chake.
Kobiri wati libwerere pamalo pake.
Za bawuti wati ndione ndekha.

Pisitoni sananenepo kanthu.
Ndaiika pakati pa milu iwiri ija,
pamene chiguduli chinang'ambika.
Mawa kukacha ndiiyeza m'silinda:
ikagwedera, ndiitanitsa ina ku Limbe.
Ikagwira, ndiipaka oyilo,
folo wa Namakhwa alowenso mumdima
kumene palibe amene adzamuwerenge.